Kodi Ndiphunzire Ciani Kuti Ndidzalamule Maloboti?

Mukafunsa njira mu Lusaka kapena mu Ndola, si cacilendo kumva munthu akuyankha kuti, "Mukafika pa maloboti mukhotere kumanzere." Kwa ife kuno, maloboti ndi nyali zija za pamphambano za miseu. Koma m'maiko ambiri liu limeneli limatanthauza makina amene amatha kuzindikira zimene ziri pafupi nao, kusankha cocita, ndi kucicita popanda dzanja la munthu kuwagwira. Liuli linachuka ndi sewero lochedwa R.U.R., limene Karel Čapek wa ku Czechoslovakia analemba mu 1920. Linacokera ku liu la cinenero ca kwao lotanthauza nchito yokakamiza, yonga cibalo cimene agogo athu amasimba.

Loboti yoyamba kugwira nchito m'fakitale inali Unimate. Inayamba mu 1961 pa fakitale ya General Motors ku New Jersey, m'dziko la America, ndipo inali kunyamula zitsulo zotentha zimene zinali zoopsa kwa anthu. Pofika mu 2023, m'mafakitale a pa dziko lonse munali maloboti oposa mamiliyoni 4. Maloboti ena ali kutali kwambiri, monga Perseverance imene inatera pa Mars mu February 2021. Ena ali pafupi nafe. Ku Rwanda, tindeke topanda woyendetsa ta kampani ya Zipline tinayamba kupereka magazi ku zipatala za kumidzi mu 2016.

Cotero sitidabwa kuti ena a inu, amene muli m'makalasi otsiriza a sekondale, mwayamba kunena kuti, "Ine ndifuna kudzalemba mapulogalamu oyendetsa maloboti." Cikhumbo cimeneci ncabwino. Koma tsiku lodzaza fomu ya ku yunivesiti kapena ku koleji likadzafika, mudzapeza maina ambiri a maphunziro, ndipo mudzayenera kusankhapo. Anzanu adzakufunsani kuti kosi yofewa ndi iti, kapena kuti imene imabweretsa ndalama msanga ndi iti. Pali funso lina limene ndi ocepa amalifunsa. Kodi muli ndi mangawa kwa anthu amene adzaima pafupi ndi makina anu? Ngati muli nao, kodi ayenera kukhudza motani dzina limene mudzalemba pa fomupo?

Thupi, Mitsempha ndi Malangizo

Tiyambe taona mmene loboti inapangidwira. Iri ndi mbali zitatu. Yoyamba ndi thupi: zitsulo, magiya, mawilo ndi mfundo zopindika. Amene amaphunzira kupanga zimenezi ndi kuwerengera kulemera kumene zingapirire ndi a Mechanical Engineering. Mbali yaciwiri tingaiyerekeze ndi mitsempha. Muli mawaya, mamota oyendetsa thupilo, ndi tizipangizo tochedwa masensa, timene timayeza kuwala, kutentha, mtunda kapena liwiro. Imeneyi ndi nchito ya a Electrical and Electronic Engineering. Mbali yacitatu ndi malangizo olembedwa m'kompyuta, ouza makinawo cocita pa cocitika ciriconse. Malangizo amenewa ndiwo pulogalamu, ndipo amene amazama nao ndi a Computer Science ndi a Computer Engineering. Zinenero za kompyuta zimene olemba mapulogalamu a maloboti amagwiritsa nchito kwambiri ndi C++ ndi Python, ndipo ambiri amamanga pa maziko ochedwa ROS, amene anayambika ku California mu 2007.

Palinso kosi yochedwa Mechatronics, imene imatapa pang'ono m'mbali zonse zitatu. Dzinali linacokera ku kampani ya Yaskawa ya ku Japan mu 1969. Ubwino wake ngwakuti wophunzira amaona makina onse pamodzi. Koma zaka za maphunziro nzowerengeka, ndipo wogawa nthawi yake patatu sangazame paliponse monga mmene amazamira amene anasankha mbali imodzi. Wosankha Mechatronics ayenera kudzakumba yekha mozama pa mbali imene afuna kudzagwirapo nchito.

Njira zonsezi zikhoza kukufikitsani ku maloboti. M'makampani opanga maloboti mumakhala anthu ocokera ku maphunziro onsewa, pakuti mutu umodzi susenza denga. Ngati mtima wanu uli pa kulemba mapulogalamu, njira yoongoka ndi Computer Science, Computer Engineering kapena Electrical and Electronic Engineering. Koma iriyonse iri ndi mpata umene muyenera kutseka nokha. Wa Computer Science angathe zaka zake zonse osagwirako mota, osadziwa kuti citsulo colemera sicima pomwepo ukaciuza kuti ciime. Wa Electrical angadziwe mawaya onse, koma nkulemba pulogalamu yosokonezeka imene mnzake sangathe kuiwerenga ndi kuikonza.

Ndipo pansi pa njira zonsezi pali masamu. Inu mukafuna kutenga kapu ya madzi patebulo, mumangotambasula dzanja. Dzanja la loboti ya m'fakitale kawirikawiri limakhala ndi mfundo zopindika zisanu ndi imodzi, ndipo kuti lifike pa kapuyo, kompyuta iyenera kuwerengera kuti mfundo iriyonse ipindike motani. Masamu ake ndi trigonometry ndi linear algebra. Kuti dzanjalo lisathamange mopitirira ndi kuswa kapu, pafunika calculus ndi phunziro lochedwa control theory. Ndiponso masensa samanena zoona zokhazokha. Fumbi, mvula ndi mdima zimawasokoneza, motero wolemba pulogalamu afunika probability kuti makina adziwe mlingo umene angakhulupirire zimene akuona. Palibe kosi yoona ya maloboti imene ingakulambalalitseni masamu amenewa.

Makina Amadziwa Anthu Okhawo Amene Wolemba Anawakumbukira

Mwina mukufunsa kuti, nanga zonsezi zikukhudzana bwanji ndi cabwino ndi coipa? Tamvani zimene zinacitika mumzinda wa Tempe, ku Arizona m'dziko la America. Usiku wa pa 18 March 2018, galimoto yodziyendetsa yokha ya kampani ya Uber inali kuyesedwa pa mseu. Mai wina anali kuoloka mseuwo akukankha njinga, pamalo pamene panalibe mizere yoolokera. Galimotoyo inamgunda, ndipo anamwalira. Bungwe la boma lofufuza ngozi, la NTSB, linapeza kuti masensa anaona maiyo masekondi 5.6 ngoziyo isanacitike. Koma pulogalamu inali kusinthasintha. Pena inali kumuyesa galimoto, pena njinga, pena cinthu cosadziwika, ndipo ikasintha conco inali kutaya zimene inadziwa kale za njira imene iye anali kulowera. Ofufuzawo anapezanso kuti pulogalamuyo sinalembedwe moyembekezera munthu wooloka pamalo opanda mizere. M'galimotomo munali munthu woikidwa kuti aziyang'anira, koma maso ake anali pa foni. Ofufuza anati kusasamala kwake ndiko kunacititsa ngoziyo, ndipo anadzudzulanso kampaniyo cifukwa cosaika citetezo patsogolo.

Tsopano ganizirani mseu wa pafupi ndi msika wa Soweto mu Lusaka, kapena wa Kapata ku Chipata. Onani bambo wokankha njinga yosenza matumba a makala, mai wa dengu pamutu ndi mwana kumsana, ana a sukulu othamangira minibasi. Ndi angati a iwo amene amaoloka pa mizere? Makina sangawacitire cifundo, cifukwa cifundo sacidziwa. Adzaona okhawo amene wolemba pulogalamu anawakumbukira pamene anali pa desiki yake, ndi okhawo amene luso lake linatha kuwafotokoza m'masamu.

Nkhani ina ndi ya makina ocizira khansa ochedwa Therac-25, opangidwa ku Canada. Sanali loboti yoyenda, koma anali makina olamulidwa ndi pulogalamu. Pakati pa 1985 ndi 1987, odwala osacepera asanu ndi mmodzi ku America ndi ku Canada analandira ceza coposa muyezo kwambiri, ndipo ena anamwalira. Makina akale a mtundu womwewo anali ndi zochinjiriza za magetsi ndi zitsulo zoletsa ngozi yotere. M'makina atsopanowa opanga anasiya zochinjirizazo, nadalira pulogalamu, ndipo pulogalamuyo inali ndi zolakwa zobisika zimene zinali kuonekera mwa kamodzikamodzi, monga pamene woyendetsa wasintha malangizo mofulumira kwambiri. Nkhani imeneyi imaphunzitsidwa m'mayunivesiti ambiri monga cenjezo.

Dokotala amaona nkhope ya wodwala wake, ndipo woyendetsa basi amamva mau a amene wawanyamula. Wolemba pulogalamu sadzakhalapo pa tsiku limene nchito yake idzayesedwa. Adzakhala kutali, mwina ali m'tulo, mwina anacoka kale pa kampaniyo. Cikondi cake kwa mnansi ayenera kucisonyeza pasadakhale, mwa kudziwa nchito yake bwinobwino ndi kusabisa pamene pali cofooka. Kufuna zabwino kokha sikukwanira. Munthu wa mtima wabwino amene sanamvetse masamu a mabuleki angapweteke anthu mofanana ndi wosasamala. Ncifukwa cake tikuti luso ndi mangawa, ndipo mumayamba kuwabweza pa tsiku losankha kosi. Sankhani maphunziro amene adzakupatsani maziko okwanira kuti mudzathe kuyankha mlandu wa makina anu.

Mau Atatu Amene Mudzamva

Posankha, mudzamva mau ocokera mbali zitatu, ndipo onse ali ndi coonadi cao. Oyamba ndi a mtima wanu, akuti, "Tsata cimene ukonda." Nzoona kuti palibe amene angapirire zaka zinai kapena zisanu za maphunziro ovuta pa cinthu cimene sacikonda. Koma dzifunseni bwino cimene mukonda. Kuonerera pa foni loboti ikuvina kapena ikudumpha nkosangalatsa. Nchito yeniyeni ndi kukhala maola ambiri mukufunafuna cifukwa cimene mota ikunjenjemera, kapena mzere umodzi wolakwika pakati pa mizere zikwi zambiri. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyerere. Ngati kufunafuna kotereku kumakusangalatsani, ngakhale kukutopetsani, ndiye kuti cikondi canu ncenceni. Ngati mumakonda cabe dzina lakuti injiniya, mtima wanu sunakuuzeni zonse.

Mau aciwiri ndi a ndalama. Musacite nao manyazi. Ambiri a inu muli ndi abale aang'ono amene adzayang'ana kwa inu, ndipo amene mudzaphunzira ndi ngongole ya bungwe la boma la HELSB mudzayenera kuibweza. Kufuna nchito yodyetsa banja ndi udindo. Coopsa ndi kusankha kosi cifukwa cakuti dzina lake lamveka caka cino, kapena cifukwa cakuti ndi njira yacidule yopezera pepala. Zinenero za kompyuta ndi zipangizo zimasintha m'zaka zocepa. Masamu ndi physics zimakhalabe. Amene anaphunzira kudina mabatani a makina a mtundu umodzi cabe adzasowa pogwira makinawo akadzatha nchito, pamene wodziwa cifukwa cimene makina amayendera adzaphunzira atsopanowo m'miyezi yocepa. Motero ngakhale poyang'ana ndalama, njira yovuta ija ndiyo yokhalitsa.

Mau acitatu ndi a makolo. Atate kapena amai anganene kuti, "Mwananga, za zidole zimenezo zisiye, ukaphunzire udokotala kapena uphunzitsi." Musawayese osadziwa kanthu. Iwo anagulitsa cimanga, mtedza, mwina ng'ombe kuti mufike pamene muli, ndipo akuopa kuti mungadzabwere ndi digiri yopanda nchito. Mantha ao ali ndi maziko. Khalani nao pansi mwaulemu. Ngati nkotheka pemphani aphunzitsi anu a sayansi kapena atsibweni kuti akuthandizeni kufotokoza. Auzeni kuti wophunzira za magetsi kapena za makompyuta sadikira maloboti okha. Angagwire nchito ku migodi, ku kampani ya magetsi, ku makampani a mafoni, ku mabanki. Cimene simuyenera kucita ndi kuwanamiza, kulandira ndalama za kosi ina inu mukuphunzira ina. Koma nao makolo ayenera kumva mwacifatse kuti mayeso adzalemba ndinu, ndipo nchitoyo mudzaisenza ndinu kwa zaka makumi atatu kapena anai.

Nanga Kuno Kwathu Nchitoyo Iriko?

Tinene zoona: makampani opanga maloboti ndi ocepa kwambiri m'dziko lathu. Maloboti ambiri a m'mafakitale ali ku China, Japan, America, South Korea ndi Germany. Koma makina odzilamulira okha aliko kuno. M'zigayo za miyala ya mkuwa ku Copperbelt ndi ku North-Western, m'mafakitale a simenti, a shuga ndi a zakumwa, malamba onyamula katundu, mapampu ndi mavavu amayendetsedwa ndi tikompyuta tolimba tochedwa PLC. Timeneti timafuna anthu otilembera malangizo, otiyesa ndi otikonza. Nchito imeneyi ndi mbale wake wa nchito ya maloboti, ndipo masamu ake ndi amodzimodzi.

Malo ophunzirira aliponso. University of Zambia inatsegulidwa mu 1966, Copperbelt University ku Kitwe mu 1987, ndipo Mulungushi University ku Kabwe mu 2008. Amene mapointi ao sanafike pa yunivesiti asataye mtima. Makoleji a luso la manja, monga Northern Technical College ku Ndola, amaphunzitsa za magetsi ndi za makina, ndipo wa dipuloma wodziwadi nchito yake ndi wofunika m'fakitale iriyonse. Maina a makosi ndi zofunika polowa zimasintha, cotero werengani zidziwitso za sukuluyo za caka cimene mukulembetsa. Musaime pa dzina la kosi. Funsani maphunziro amene ali m'kati mwake caka ndi caka. Kodi muli masamu okwanira? Kodi muli control theory? Kodi ophunzira amagwira zipangizo ndi manja ao, kapena amangokopera manotsi? Kodi amatumizidwa ku mafakitale kukaphunzira nchito? Ngati ndi kosi ya uinjiniya, kodi omaliza amatha kulembetsa ku Engineering Institution of Zambia? Safunsa anadya phula.

Kodi Makina Anu Adzatumikira Yani?

Pali mbali ina ya mangawa amenewa. Luso limodzimodzilo lingapulumutse munthu, ndipo lingamlandenso cakudya. Pa 25 September 1970, matope ndi madzi zinagumukira mu mgodi wa Mufulira, ndipo anthu 89 anafera pansi. Aliyense wokumbukira tsoka limenelo angayamikire makina okhoza kulowa m'malo oopsa munthu ali pamwamba. Koma ku Pilbara, m'dziko la Australia, kampani ya Rio Tinto inayamba mu 2008 kuyesa malole aakulu a mu mgodi opanda woyendetsa, ndipo m'zaka zotsatira anaculuka. Lole yotere siitopa ndipo siiodzera. Koma mpando umene ukanakhala wa atate a munthu wina umakhala wopanda munthu. M'dziko longa lathu, mmene acinyamata ambiri akufuna nchito, funso limeneli si lamasewera.

Yankho lake si lapafupi. Kukana makina onse sikungateteze nchito kwa nthawi yaitali, pakuti mkuwa wathu umagulitsidwa pa msika umodzi ndi wa maiko amene akugwiritsa nchito makinawo. Ndiponso tikapanda kuphunzitsa ana athu luso limeneli, makinawo adzabwerabe, pamodzi ndi akatswiri ocokera kunja odzawayendetsa. Koma si bwinonso kunena kuti, "Ine ndimangolemba pulogalamu, zotsatira zake si zanga." Injiniya wa kuno, wodziwa mabanja a ku Wusakile kapena ku Kantanshi, angafunse pa msonkhano kuti, kodi tiyambe ndi nchito ziti, zoopsa kapena zongocepetsa malipiro? Kodi amene acotsedwa pa lole adzaphunzitsidwa nchito ina? Mlendo wobwera kwa miyezi itatu sangafunse zimenezi kawirikawiri.

Palinso nchito zimene cikumbumtima canu cingakane kotheratu. Mu December 2023, msonkhano waukulu wa United Nations unavomereza cigamulo cosonyeza nkhawa pa zida za nkhondo zokhoza kusankha zokha munthu wakupha. Zida zoterozo zimafuna olemba mapulogalamu, ndipo luso lake ndi lomwelo loyendetsera kandeke konyamula magazi. Tsiku lina mungadzapemphedwe kulemba cinthu cimene mtima wanu ukutsutsa, kapena kusaina kuti makina ali bwino inu mukudziwa kuti sanayesedwe mokwanira. Pa tsiku limenelo, amene ali ndi luso lozama ndiye amakhala ndi mphamvu yonena kuti iai. Mau ake amamveka cifukwa amatha kusonyeza pamene pali vuto, ndipo akacoka amapeza nchito kwina. Amene anadutsa m'maphunziro mokhudza pamwamba cabe amagwira nchito yake mwamantha, ndipo amasaina ciriconse cimene aikidwira patsogolo. Mwina sadziwa nkomwe kuti pali vuto.

Dziyeseni Musanadzaze Fomu

M'mera mpoyamba. Simufunika kudikira yunivesiti kuti mudziwe ngati njira imeneyi ndi yanu. Yang'anani mmene mumacitira ndi masamu ndi physics. Sitikunena za magiredi okha. Mukakumana ndi funso lokukanikani, kodi mumalitaya msanga, kapena limakutsatani mpaka pogona? Ngati pa sukulu panu pali Additional Mathematics, itengeni. Ngati pali kalabu ya JETS, lowani, ndipo pangani kanthu ndi manja anu, ngakhale kakang'ono. Cinenero ca Python ncaulere, ndipo maphunziro ake oyambira amapezeka pa intaneti. Kabolodi kochedwa Arduino, kamene kanayambika ku Italy mu 2005 kaamba ka ophunzira, kamatha kuyatsa nyali, kuzungulitsa mota ndi kuwerenga sensa. Gulu lanu la acinyamata lingasonkhe ndalama nkugula kamodzi. Yesani kupanga cinthu cothandiza, monga coliza belu thanki ya madzi ikadzaza. Mudzaona mmene zinthu zimakanira, ndipo mudzadziwa ngati muli ndi mtima wofunafuna. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Atsikana, musalole munthu kukuuzani kuti iyi ndi nchito ya amuna. Gulu limene linalemba mapulogalamu a m'zombo za Apollo, zimene zinafikitsa anthu pa mwezi mu 1969, linadzatsogozedwa ndi mai, Margaret Hamilton, amene digiri yake inali ya masamu. Iye anadziwika ndi kuumirira kuti pulogalamu izikonzekera zolakwa zimene ena anali kunena kuti sizingacitike.

Cinanso ndi kuona mtima pa maphunziro. Tonse timamva za malikeji nthawi ya mayeso. Ku koleji kuli kukopera nchito ya mnzako, ndipo masiku ano kuli mapulogalamu a AI amene angakulembereni yankho lonse m'kamphindi. Zipangizo zimenezi nzothandiza kwa amene amatha kuyesa zimene zalemba ndi kupeza polakwika. Koma wopereka kwa mphunzitsi cinthu cimene iye mwini sakucimvetsa akukongola ngongole imene adzabweza ndi munthu wina, amene adzakhala pansi pa kreni kapena pa bedi la cipatala. Mphunzitsi mungampusitse, koma citsulo cimatsata zimene zinalembedwa.

Mukadziyesa ndi kupeza kuti masamu amenewa si anu, palibe camanyazi. Ndi bwino kuzindikira zimenezi muli ku sekondale kusiyana ndi kuzizindikira makolo atalipira zaka ziwiri. Dziko lifuna alimi, anamwino, aphunzitsi ndi amisiri, ndipo pa nchito zonsezo muyezo ndi womwewo, wakuti munthu adziwe bwino cimene ena adzadalira. Koma mukapeza kuti mphatsoyo muli nayo, musaithawe poopa kuvutika. Sankhani kosi ya maziko olimba, tsekani nokha mipata imene yasiya, ndipo pa phunziro lirilonse lotopetsa kumbukirani kuti kuli munthu amene simudzamuona, wokankha njinga yake usiku, amene moyo wake udzadalira ngati munamvetsa kapena munangoloweza.

Zokambirana pa Gulu

Kodi munthu amene analemba pulogalamu ndi mtima wabwino, koma mosadziwa bwino nchito yake, ali ndi mlandu makinawo akavulaza munthu? Fotokozani cifukwa cake.

Ngati makolo afuna kosi ina ndipo inu mufuna ina, ndi njira ziti zaulemu zimene mungatsate, ndipo ndani angakuthandizeni?

Chulani nchito za m'dera lanu zimene mungakonde kuti makina azigwira, ndi zimene mufuna kuti zikhalebe m'manja mwa anthu. Kodi mwasiyanitsa motani?